Cinkhwe Siciphunzira ndi Ndodo

Ana inu, kodi munaonapo cinkhwe? Cinkhwe ndi mbalame yokongola. Mlomo wake ndi wopindika ngati mbedza. Phazi lake lili ndi zala 4. Zala 2 zimaloza kutsogolo, zala 2 zimaloza kumbuyo. Pakudya, cinkhwe cimagwira cakudya ndi phazi, monga inu mumagwirira mbamu ya nsima ndi dzanja.

Anthu ena amasunga cinkhwe pakhomo. Amafuna kuti cizikwera pa dzanja. Amafuna kuti ciziimba mluzu. Amafunanso kuti cizilankhula ngati munthu. Cinkhwe cikapanda kutero, ena amacimenya ndi kandodo. Ena amagwedeza khola lake. Ena amacimana cakudya, ati kuti cimve.

Ife tikuti iai. Cinkhwe siciphunzira ndi ndodo. Siciphunzira ndi njala. Cimaphunzira ndi mphotho, ndiponso ndi kudekha kwa mwini wake. Nkhani iyi muwerenge pamodzi ndi amai, atate kapena agogo, cifukwa ndi ya banja lonse.

Zinkhwe za kwathu

Kuno kumwera kwa Niassa, ku Etatara, ku Cuamba, ku Mandimba ndi ku Ngauma, kuthengo kuli zinkhwe. Thupi lake ndi lobiriwira. Mutu wake ndi wofiirira ngati khungwa la mtengo. Cikatambasula mapiko, kunsi kwake kumaoneka cikasu. Kutalika kwake ndi masentimita ngati 23. Zinkhwe izi zimayenda m'timagulu. Pouluka zimalira mokweza, cina kuitana cinzake. Zimadya nkhuyu, njere za mitengo ndi maluwa. Nthawi zina zimalowanso m'munda wa mapira kapena wa cimanga.

Cinkhwe sicimanga cisa ndi udzu. Cimaikira m'mphako ya mtengo waukulu, monga mlambe. Cimaikira mazira 2, 3 kapena 4, mvula itatha. Make amafungatira mazirawo pafupifupi milungu 4. Tiana take timakhala m'mphakomo milungu ngati 7 tisanayambe kuuluka.

Njanji yocokera ku Cuamba imadutsa pa Entre Lagos ndi kukafika ku Liwonde, m'Malawi. Kumeneko, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kuli tizinkhwe tina tating'ono. Kutalika kwake ndi masentimita 13 kapena 14 okha. Thupi ndi lobiriwira, nkhope ndi yofiira. Timagona m'mphako za mitengo ya tsanya. Tilikonso ku Tete ndi ku cigwa ca Luangwa, m'Zambia.

Pali cinkhwe cinanso cimene cimamveka mbiri ya kulankhula. Ico ndi cotuwa, mcira wake ndi wofiira. Kwao ndi ku nkhalango za Congo, Cameroon ndi Ghana. Cinkhwe cotuwaco cimagwira mau ambiri. Ca kwathu kuno cimagwira mau owerengeka cabe, ndipo cina sicilankhula konse. Tsono amene amenya cinkhwe ca kuno cifukwa sicilankhula, akucilakwira. Mbuzi sitiimenya cifukwa yalephera kukoka ngolo.

Mphotho ndiyo mphunzitsi

Taonani nkhuku za pakhomo. Amai akatuluka ndi licero ndi kuitana, nkhuku zonse zimathamanga. Ndani anazimenya kuti zidziwe mau a amai? Palibe. Tsiku ndi tsiku mau aja amabwera pamodzi ndi madeya. Nkhuku zinaphunzira kuti kumene kuli mau aja kuli cakudya.

Taonaninso mbalame ina ya m'Niassa mwathu muno. Ayao amaicha sego. Kumpoto, m'mbali mwa mtsinje wa Lugenda, umene umayambira pa nyanja ya Amaramba, kuli anthu ofula uci. Akalowa m'thengo amaitana kuti "brrr-hm". Sego akamva, amabwera. Amauluka mtengo ndi mtengo, anthu ali pambuyo, mpaka pa mtengo wa njuci. Anthu amafukiza utsi, nang'amba mphako ndi nkhwangwa, natenga uci. Sego amadya phula lotsala. M'caka ca 2016 mai wina wophunzira za mbalame, Claire Spottiswoode, pamodzi ndi anzake, anaonetsa kuti kuitana kumeneku kumaculukitsa katatu mwai wopeza njuci. Sego alibe khola. Alibe cingwe kumwendo. Palibe anam'menyapo. Amabwera yekha cifukwa amapezapo phindu.

Anthu ophunzira anaziyesanso zimenezi. M'caka ca 1943, ku Minneapolis, m'dziko la America, B. F. Skinner ndi anzake anafuna kuti nkhunda ikankhe kampira ka thabwa ndi mlomo. Anadikira nthawi yaitali, nkhunda osakankha. Ndiye anasintha nzeru. Nkhunda itangoyang'ana kampira, anaipatsa njere. Itasendeza mutu pafupi, anaipatsanso. Itakhudza, anaipatsanso. Posacedwa nkhunda inayamba kukankha kampira kaja. Iwo sanadikire kuti nkhunda idziwe zonse nthawi imodzi. Anaipatsa mphotho pa kanthu kakang'ono kalikonse kamene inacita bwino.

Lamulo lake ndi limeneli. Cimene cabweretsa cakudya, mbalame imacicitanso. Cimene sicinabweretse kanthu, mbalame imacisiya.

Nanga ndodo imaphunzitsa ciani?

Ndodo imaphunzitsa cinthu cimodzi cokha. Imaphunzitsa mantha.

Kuthengo cinkhwe cili ndi adani. Kabawi amacisaka ali m'mwamba. Njoka imalowa m'mphako. Motero cinkhwe cimaopa cinthu cobwera mwadzidzidzi. Mukacimenya lero, mawa cikaona dzanja lanu cidzati mdani wafika. Cidzathawira pakona ya khola. Cikasowa kothawira, cidzaluma. Mlomo wake umaswa njere zolimba, ndiye cala ca mwana si kanthu. Mukacimenyanso cifukwa caluma, cidzaopa koposa ndi kuluma koposa. Cinkhwe siciiwala msanga.

Njala nayonso ndi yoipa. Mbalame ndi yaing'ono, thupi lake silisunga cakudya cambiri. Ikagona ndi njala imafooka msanga ndi kudwala. Mbalame yodwala siphunzira kanthu.

Phunziro loyamba: kukwera pa kamtengo

Ngati pakhomo panu pali kale cinkhwe, yesani njira iyi. Wamkulu akhalepo nthawi zonse.

Coyamba, pezani cimene cinkhwe cimakonda koposa. Ikani m'mbale njere za mpendadzuwa, mtedza, mapira ndi kacidutswa ka nthoci. Onani cimene cayamba kutola. Cimeneco ndiye mphotho. Musaciikenso m'mbale ya masiku onse. Cisungeni ca pa phunziro. Cakudya cina conse muzicipatsa monga mwa masiku onse.

Caciwiri, khalani pansi pafupi ndi khola. Musacite phokoso. Musalowetse dzanja. Lankhulani motsitsa. Citani zimenezi masiku angapo, mpaka cinkhwe cizidya inu muli pomwepo.

Cacitatu, perekani njere imodzi ndi zala pa mpata wa khola. Cikathawa, musacithamangitse. Siyani njereyo pomwepo, mubwerere m'mbuyo. Tsiku lina cidzailandira m'zala zanu.

Cacinai, tengani kamtengo kouma, konenepa ngati cala ca atate. Kaikeni pafupi ndi cinkhwe, koma musacikhudze nako. Cikayang'ana kamtengo, cipatseni njere. Cikasendera pafupi, cipatseni njere. Cikaikapo phazi limodzi, cipatseni njere. Cikaikapo mapazi onse awiri, cipatseni njere, muciyamikire. Pamene cikukwera muzinena liu limodzi lomwelo: "Kwera!" Musasinthe liuli. Onse a m'nyumba azinena lomwelo.

Kumbukirani zinthu zitatu. Mphotho ifike nthawi yomweyo. Mukacedwa, cinkhwe sicidziwa cimene mwacipatsira. Mphotho ikhale yaing'ono, theka la mtedza kapena njere imodzi, kuti cisakhute msanga. Phunziro likhale lalifupi, mphindi 5 m'mawa ndi mphindi 5 madzulo. Cikatembenuka ndi kukufulatirani, catopa. Lekani, mudzayesanso mawa.

Cinkhwe cina cimadziwa kukwera pa sabata imodzi. Cina cimatenga miyezi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuphunzitsa mau

Cinkhwe cilibe milomo yofewa ngati yathu. Mau ake amacokera m'cifuwa, pamene njira ya mpweya igawikana pawiri. Lilime lake lonenepa limathandiza kuwaumba. Kuthengo cimatsanzira kulira kwa zinzake za m'gulu. Pakhomo, gulu lake ndi inu. Cimatsanzira zimene cimamva kawirikawiri, kaya ndi Cinyanja, Ciyao, Cimakhuwa kapena Cipwitikizi. Cimatsanziranso mluzu, kulira kwa citseko ndi kutsokomola kwa agogo. Cenjerani tsono. Pakhomo potukwana, cinkhwe naco cimatukwana, ngakhale pamaso pa alendo.

Mverani nkhani ya cinkhwe cocuka. M'caka ca 1977, ku America, mai wina dzina lake Irene Pepperberg anagula cinkhwe cotuwa, nacicha Alex. Pophunzitsa ankakhala anthu awiri, Alex akuonerera. Wina ankanyamula cinthu ndi kufunsa dzina lake. Mnzake akayankha bwino, ankalandira cinthuco. Akalakwa, sankalandira. Kenaka ankasinthana, wofunsa nakhala woyankha. Alex anaona kuti liu limabweretsa cinthu. Nayenso anayamba kuyesa. Akachula bwino, ankalandira cinthu comweco cimene wachula. Alex anadziwa maina a zinthu ngati 50. Anadziwa mitundu 7 ya maonekedwe, monga kufiira ndi kubiriwira. Ankawerenga zinthu mpaka 6. Anafa m'caka ca 2007 ali ndi zaka 31. Nchito yonseyo inatenga zaka 30, ndipo ndodo panalibe.

Inunso mungayese ndi mbale wanu kapena mlongo wanu. Khalani pamene cinkhwe cikuonani. Wina anyamule mtedza, afunse kuti, "Ici n'ciani?" Wina ayankhe kuti, "Mtedza!" Woyankha alandire mtedzawo. Sinthanani. Cinkhwe cikatulutsa kamau kofanana pang'ono, cipatseni mtedza. Cikapanda kulankhula, palibe mlandu. Ciphunzitseni mluzu, kapena kubwera mukaciitana.

Cikamakuwa, cikamaluma

M'mawa ndi madzulo zinkhwe zonse zimalira. Ndi cibadwa cake, monga tambala alira m'bandakuca. Pamenepo palibe cocita. Koma cina cimakuwa tsiku lonse. Cifukwa cake n'ciani? Kawirikawiri ndi ife tomwe tinaciphunzitsa. Cikakhala cete, palibe amaciyang'ana. Cikakuwa, onse amathamangira kukhola ndi kucikalipira. Kwa cinkhwe kukalipako ndi mphotho, pakuti anthu abwera ndipo akukuwa naco pamodzi. Citani mosiyana. Cikakuwa, musayankhe. Cikatonthola kapena kuimba mluzu, pitani msanga, mulankhule naco, mucipatse njere.

Cinkhwe sicimangoluma. Cimayamba cacenjeza. Cimaimika nthenga za pakhosi. Cimayasama. Cimabwerera m'mbuyo. Pamenepo cikuti, "Ndisiyeni." Cotsani dzanja. Mwana wodziwa kuona zizindikiro izi salumidwa kawirikawiri.

Cina cimadzizula nthenga mpaka cifuwa kuyera. Nthawi zambiri ndiye kuti casungulumwa, capanikizika kapena cadwala. Cinkhwe ndi mbalame ya pagulu. Cikhale pamene anthu amacezera. Muzicipatsa nthambi zaziwisi ndi zitsononkho kuti cizitafuna.

Khola ndi cakudya

Wophunzira wabwino ndi amene wadya bwino ndi kugona bwino. Khola likhale lalikulu, kuti cinkhwe cizitambasula mapiko onse awiri ndi kulumpha. Cikwere ca nkhuku n'cocepa. Khola likhale pamthunzi, patali ndi mphaka ndi makoswe. Lisakhale m'khicini. Utsi umapweteka mbalame msanga kuposa munthu. Madzi akhale atsopano tsiku lililonse.

Muzicipatsa mapira, mawere, cimanga caciwisi, mango, papaya, gwafa ndi masamba otsuka bwino. Mtedza ndi mpendadzuwa zili ndi mafuta ambiri, ndiye zikhale zocepa. Mtedza wa cuku musacipatse. Mapeyala musacipatse, ndi poizoni kwa cinkhwe. Mcere, mowa ndi khofi n'zoipanso.

Wosesa m'khola ayambe wawaza madzi kuti fumbi lisabuke. M'zitosi zouma za cinkhwe mumatha kukhala matenda ogwira munthu m'cifuwa. Mukagwira cinkhwe kapena khola lake, sambani m'manja ndi sopo. Musacidyetse ndi pakamwa panu.

Makolo, dziwani icinso. Cinkhwe cosamalidwa bwino cimakhala zaka zoposa 20. Mwana amene ali m'kalasi yoyamba lero adzakula, adzakhala ndi banja lake, cinkhwe cili moyo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthenga ndi zokongola, koma nchito yake ndi ya tsiku ndi tsiku.

Ena amati

Ena amati, "Njira imeneyi ndi yocedwa. Ife tili ndi kumunda." Zoonadi, ndi yocedwa. Koma mphindi 5 m'mawa ndi 5 madzulo sizilepheretsa munthu kulima. Ndodo ndiyo imacedwetsa koposa, cifukwa cinkhwe comenyedwa cimatenga miyezi kuti cikhulupirirenso dzanja.

Ena amati, "Mtedza tidye ife, mbalame idyenso?" Funso ili ndi lomveka, makamaka caka ca njala. Banja limene liona kuti silingathe kudyetsa cinkhwe, lisacitenge. Palibe manyazi pamenepo. Kuthengo cimadzipezera cokha.

Ena amati, "Zinkhwe ndi mbava za mapira." Inde, zimadyako. Munda wa mapira umafuna woingitsa mbalame, monga makolo akhala akucitira. Phokoso la zitini ndi kukuwa zimathamangitsa mbalame. Koma mankhwala akupha musathire. Ku Liwonde, mai wa ku Malawi wophunzira za mbalame, Tiwonge Mzumara-Gawa, anapeza kuti tizinkhwe ta nkhope yofiira timafa pa zithaphwi zimene osaka nyama athiramo poizoni. Poizoni sasankha. Amapha mbalame, amapha nyama, angadwalitsenso munthu.

Za m'mphako zisiyeni

Anyamata inu, mukaona cinkhwe cikulowa m'mphako, musakwere mtengo kukatenga tiana take. Musachere ulimbo. Musagende ndi legeni. Kamwana kolandidwa kwa make kamafuna kudyetsedwa kangapo pa tsiku, ndi kufundidwa usiku. Tambiri timafa m'manja mwa anthu tisanamere nthenga. Wodula mtengo kuti afike pamphako amaononga zambiri. Mtengo umatenga zaka zambirimbiri kuti ukhale ndi mphako. Ukagwa, zinkhwe zimasowa poikira caka camawa.

Cinkhwe cotuwa cija cinagwidwa kwambiri kwao cifukwa ca malonda, mpaka cinacepa. M'caka ca 2016 maiko anakumana ku Johannesburg pa pangano la CITES, limene Mozambiki alimo. Anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kuthengo. Dziko lathu nalonso lili ndi lamulo loteteza zacilengedwe, Lamulo 16/2014, limene linakonzedwanso m'caka ca 2017. Kugwira kapena kugulitsa nyama ndi mbalame zotetezedwa popanda cilolezo ndi mlandu. Munthu akakuuzani kuti, "Kandigwirireni zinkhwe, ndikupatsani ndalama," kanani. Kauzeni makolo anu, aphunzitsi kapena amfumu.

Nanga cimene cili kale pakhomo? Musangocitaya kuthengo. Cinkhwe cimene cinakulira m'manja mwa anthu sicidziwa kufuna cakudya, sicidziwanso kuthawa kabawi. Cisamaleni bwino. Makolo akafunse malangizo kwa a zaulimi ndi zanyama ku boma, ku Cuamba, ku Mandimba kapena ku Ngauma.

Amene alibe cinkhwe asadandaule. Njira iyi ya mphotho imagwiranso nchito pa galu, pa nkhunda ndi pa kamwana ka mbuzi. Yesani pa nkhunda za pakhomo. Imbani mluzu umodzi womwewo, muwaze mapira. Citani tsiku ndi tsiku. Mudzaona zimene zidzacitika. Zinkhwe za kuthengo muziziona zili mumkuyu, zikudya nkhuyu ndi kuitanizana. Khalani cete pansi pa mtengo, muwerenge kuti zilipo zingati.

Tiyankhe pamodzi

1. Phazi la cinkhwe lili ndi zala zingati?
2. Cinkhwe cimaikira mazira ake kuti?
3. Sego amalandira ciani akalondolera anthu ku njuci?
4. Cinkhwe cikaimika nthenga ndi kuyasama, mucite ciani?
5. Chulani zinthu ziwiri zimene cinkhwe siciyenera kudya.

Nchito ya kunyumba

Jambulani cinkhwe cili pa nthambi. Thupi likhale lobiriwira, kunsi kwa mapiko kukhale cikasu. Pansi pake lembani liu ili: cinkhwe. Funsani agogo dzina la mbalame imeneyi m'cilankhulo cao, mudzauze anzanu m'kalasi.